Za kuwala kwa sikirini zija, zatheka

Anzanga, paja ndinafunsa za kapulogalamu ka pa terminal (pomwe timalemba malamulo pa kompyuta) kochepetsa kuwala kwa sikirini laputopu ikangokhala osaigwira, poti kuno ku Mabvuku magetsi akathima batire silichedwa kutha.

Ambiri munanditchulira lamulo la xrandr --brightness. Imadetsadi sikirini, koma imangosintha mitundu, nyale ya kumbuyo imayakabe chimodzimodzi, ndiye batire silipindula kanthu. Chandithandiza ndi xidlehook, yomwe imayendetsa lamulo laputopu ikakhala osaigwira, pamodzi ndi brightnessctl, yomwe imasintha kuwala kwa nyale ya kumbuyo ija. Pakadutsa masekondi 60 osakhudza kiyibodi, "brightnessctl -s set 10%" imatsitsa kuwala, ndikangogwedeza mausi "brightnessctl -r" imakubwezera pomwe kunali. Pa xidlehook ndaikaponso --not-when-audio kuti isamadetse sikirini mawu akamamveka, chifukwa inkandidetsera ndikuonera mpira, zowawa kwambiri.

Achimwene munati muli pa Sway aja, xidlehook ndi ya X11 (dongosolo loonetsera zinthu pa sikirini), pomwe Sway imagwiritsa ntchito dongosolo lina, ndiye inu yesani swayidle, yomwe imagwira ntchito yomweyo pa Sway.