Nyimbo ya ana ankhosa osochera ija, ndapeza gwero lake

Sabata yatha ndinafunsa za nyimbo imene ndinaimva pa YouTube, anyamata ovala masuti akuda akuyimba za ana ankhosa osochera. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndi nyimbo ya gulu la Whiffenpoofs la pa yunivesite ya Yale, mumzinda wa New Haven ku America. Gululi linayamba mu 1909 ndipo limayimba ndi mawu okhaokha, popanda zida zoyimbira.

Chandikhudza ndi chiyambi chake. Ophunzirawo ankakumana Lolemba madzulo pamalo odyera otchedwa Mory's, moti nyimboyo imatchula malowo pamodzi ndi Louis, mwini wake wa nthawiyo. Polemba mawu a nyimboyi, Meade Minnigerode ndi George Pomeroy, awiri mwa oyambitsa gululi, anatengera ndakatulo ya mlembi wa ku Britain Rudyard Kipling yonena za ana a mabwana amene anatsikira pa usilikali wamba. N'chifukwa chake mkati mwa chisangalalo cha patebulo muli chisoni. Anyamatawo akudziwa kuti adzabalalika, tsiku lina n'kuiwalika. Nditamvetsa zimenezi ndinaimveranso katatu, mtima uli zii.

Woyimba wotchuka wa ku America Bing Crosby anaijambula mu 1947, ikafika m'makutu mwa anthu amene sanapondeko ku Yale. Mpaka lero ndi imene a Whiffenpoofs amatsekera konsati, ndipo akale a gululo amaitanidwa kutsogolo kuti ayimbe nawo. Mu 2018 gululi linalandira mtsikana woyamba.