Chiletso chatuluka, nanga ndalama za maloya alipire ndani?

Funso: Akuluakulu, ku England kampani yatenga chiletso chongoyembekezera choti munthu yemwe inamulemba ntchito kale asaulule zinsinsi zake. Kodi iyeyo alipiriretu ndalama za maloya a kampaniyo?

Yankho 1: Nthawi zambiri ayi. Ngati jaji anangoyeza mbali imene ingapweteke kwambiri, ndiye kuti sanagamule wolakwa. Amalamula "costs reserved", nkhani ya ndalama idikire mlandu weniweni. Khoti la apilo la Court of Appeal linatsindika zimenezi mu 2020 pa mlandu wa Melford Capital, womwenso unali wa zinsinsi.

Yankho 2: Koma kampani ikakanizidwa chiletsocho, kawirikawiri imalipira. Konzeranitu fomu N260 yosonyeza ndalama zimene mwawononga pa maloya, ifike kukhoti ndi kwa amene mukutsutsana naye kusanatsale maola 24 kuti jaji amve nkhaniyo. Mukachedwa, jaji atha kukudulani ndalamazo.

Yankho 3: Ndipo akalamula kulipira, ndi masiku 14 basi, pokhapokha khoti litanena zina.