Kodi nyumba yofolera ndi udzu ingatchedwe nyumba yachifumu? Za ku Kasubi, Uganda

Aphunzitsi Namakhwa, ku Luchenza

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera kuno ku Luchenza, ndipo sabata yatha tinali pa mutu wa maufumu akale a mu Africa. Titafika pa ufumu wa Buganda, ndinaonetsa ana chithunzi cha nyumba yaikulu ya pa phiri la Kasubi mumzinda wa Kampala, imene Kabaka (ndiye kuti mfumu ya Abaganda) Muteesa I anamanga mu 1882 kuti ikhale nyumba yake yachifumu. Kalasi yonse inaseka. Mtsikana wina wakhama kwambiri, amene amakhala kutsogolo, anakweza dzanja nafunsa mwaulemu ndithu kuti zingatheke bwanji mfumu yolamulira dziko lonse kugona m'nyumba yonga ya agogo ake, pamene mabwana a m'maesiteti a tiyi kuno kwathu ankagona m'nyumba za njerwa ndi malata. Ndinamuyankha monga ndinathera, koma ndinaona pankhope pake kuti sanakhutire, ndipo nanenso yankho langalo silinandifike pamtima.

Ndikupempha thandizo kwa amene munafikako kapena amene mumadziwa za kamangidwe. Mkati mwa nyumbayi muli zotani? Anaimanga bwanji kuti denga la udzu lalikulu chotero liime? Komanso popeza inapsa n'kumangidwanso, kodi ana ndiwauze kuti imene ilipo lero ndi nyumba ya Muteesa, kapena ndi chifaniziro chake chabe?

Mayi Nachisale, pa Mulanje boma

Aphunzitsi, mwanayo wafunsa bwino, ndipo vuto ndi chithunzicho, chifukwa chithunzi chimachepetsa nyumba imeneyi mpaka kuoneka ngati nkhokwe. Ine ndinafikako moto usanachitike, pamene tinapita ndi amayi anzanga a mpingo ku Namugongo kukakumbukira Amaritiri a ku Uganda pa 3 June, ndipo tsiku lotsatira anatitengera ku Kasubi.

Munthu safika pa nyumbayi mwachindunji. Malo onse ndi aakulu, opitirira mahekitala 26, ndipo polowera pali kanyumba ka pachipata kotchedwa Bujjabukula, komangidwa ndi mitengo ndi bango, mmene munkakhala alonda. Ukadutsa pamenepo umapeza nyumba ina yozungulira yosungiramo ng'oma zachifumu, dzina lake Ndoga-Obukaba, kenako umatulukira pa bwalo lalikulu losesedwa bwino limene amalitcha Olugya. M'mbali mwa bwalolo muli timanyumba ta amayi amene amalowa m'malo mwa akazi a mafumu amene anaikidwa m'manda pamalowa, ndipo ndi iwo amene amasamala malowa usana ndi usiku. Kutsidya kwa bwalo, moyang'anana ndi chipata, ndi kumene kwaima nyumba yaikuluyo, Muzibu-Azaala-Mpanga. Ndi yozungulira, kuchoka mbali ina kufika mbali ina ndi mamita pafupifupi 31, msinkhu wake mkati ndi mamita 7.5, ndipo denga lake limatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi, kotero kuti ukaima pabwalo suona khoma koma phiri la udzu lokhala ndi khomo limodzi lalikulu.

Tinavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi pa mikeka, yomwe pansi pake anayala udzu wonunkhira. Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi kuzizirira kwa mkatimo ndi bata lake, pamene kunja dzuwa linali litaswa mtengo. Maso atazolowera kamdima ndinaona mizati yambirimbiri, yowongoka, ndipo mzati uliwonse unali wokulungidwa ndi chiwondo chofiirira ngati katondo. Chiwondo chawo amachisula kuchokera ku khungwa la mtengo wa mutuba, umene ndi mtundu wa kachere, ndipo ndi chofewa moti ndinachita kuchikhudza ndi chala kuti nditsimikize kuti si nsalu ya m'sitolo. Ndinakumbukira agogo anga a ku Muloza amene ankatisimbira za chiwondo cha mombo chimene makolo awo ankavala. Ukayang'ana kumwamba umaona nkhata zazikulu zolukidwa ndi masamba a mitengo ya mtundu wa kanjedza, yaing'ono pansonga, zinazo zikukulirakulira potsika. Zonse zilipo 52, kuimira mafuko 52 a Abaganda, ndiye kuti munthu aliyense wa dzikolo akalowa amapeza fuko lake litagwira nawo denga la mfumu.

Nyumbayi inagawidwa pawiri ndi chinsalu chachikulu cha chiwondo chochokera kudenga kufika pansi. Kuseri kwa chinsalucho amakutcha Kibira, kutanthauza nkhalango, ndipo ndi kumene kuli manda a mafumu anayi. Mlendo salowako. Pachikhalidwe chawo sanena kuti Kabaka wamwalira, amati walowa m'nkhalango. Kutsogolo kwa chinsalu kunali mikondo yondandalikidwa ngati mpanda, zishango, mamendulo ndi zithunzi za mafumuwo, komanso kambuku woumikidwa amene Muteesa I ankaweta ali moyo. Amayi awiri okalamba anali khale pambali akuluka mkeka, ndipo tinawapatsa moni titagwada monga tichitira kwa amfumu kwathu kuno.

Bambo Mukhito, ku Bvumbwe

Aphunzitsi, ine ku Uganda sindinafikeko, koma ndakhala ndikufolera nyumba kuyambira ndili mnyamata, ndipo masiku ano ntchito yanga yambiri ndi yofolera malo ogona alendo. Ndiyankhe funso lanu lachiwiri, pakuti zimene afotokoza Mayi Nachisale ndazimvetsa ndi manja anga.

Nkhata zimene akunenazo ndi zimene ife timati mbariro, zija timamangira mozungulira kuti zigwire mapaso. Denga lozungulira likalemedwa limafuna kufutukuka ngati ambulera, mapaso n'kukankhira kunja, ndiye mbariro iliyonse imagwira ngati lamba kuti asatayane. Pa nyumba yathu ya kumudzi mbariro zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimakwana, ndipo mzati umodzi wapakati umatha kusenza. Pa denga la mamita 31 mzati umodzi sungathe, n'chifukwa chake mkatimo muli mizati yochuluka yogawana katunduyo, ndipo denga kutsika mpaka pafupi ndi nthaka kumathandiza kuti mphepo isalowe pansi n'kulinyamula. Chinanso ndi kutsetsereka. Denga la udzu likagona kwambiri madzi amaima mu udzumo n'kuuoletsa, ndipo kuno kwathu, kumene chiperoni chimatha masiku chikuwaza, denga lotero silitha zaka zitatu. Likaimirira bwino, dontho limatsetsereka pa phesi lililonse osalowa mkati.

Chimene ndimasirira pa kafoleredwe ka ku Kasubi n'chakuti udzu amaumanga m'timitolo tosongoka mbali imodzi, n'kumatisanja tokha popanda kumangirira ndi luzi, kupatula mizere yoyambirira ya m'munsi. Kamtolo kamodzi kakaola amangokasolola n'kulowetsapo kena, osasasula denga lonse monga tichitira ife. Ntchitoyi si ya aliyense. Ofolera amachokera ku fuko la Ngeye, limene chizindikiro chake ndi pusi wa ubweya wakuda ndi woyera, pamene okulunga mizati ndi chiwondo ndi a fuko la Ngo, ndiye kuti kambuku, ndipo luso limachoka kwa akulu kupita kwa achinyamata a fuko lomwelo.

Mwana wa m'kalasi mwanuyo mumuuze kuti awerenge mitolo ya tsekera imene agogo ake amamweta kuti afolere kanyumba kamodzi, kenako aganize za denga lalikulu kuposa tchalitchi cha kumudzi kwawo. Malata munthu mmodzi wandalama amagula tsiku limodzi. Denga lonse lija linkafuna anthu mazanamazana omweta, osenza, odula bango ndi osula chiwondo, ndipo chaka ndi chaka ankayenera kubweranso kudzakonza. Mlendo wofika pabwalo lija ankadziwa poona dengalo kuchuluka kwa anthu amene mfumu ikaitana amabwera.

Bambo Chikopa, pa Thyolo boma

Ndikuthokoza Mayi Nachisale ndi Bambo Mukhito, koma Aphunzitsi, ndikupempheni kuti ana muwauze mbiri yonse, ngakhale mbali zimene sizikoma m'khutu. Muteesa I anakhala m'nyumbayi zaka ziwiri zokha, pakuti anamwalira mu 1884 ndipo anaikidwa momwemo, nyumba n'kusanduka manda. Kale Kabaka aliyense ankaikidwa pamalo akeake, ndipo chibwano chake ankachichotsa n'kuchisunga m'kachisi wina padera. Muteesa anaikidwa wathunthu, ndipo mafumu ena atatu a pambuyo pake anabwera kudzagona pafupi naye. Mwana wake Mwanga II, yemwe uja anaphetsa Charles Lwanga, Kizito ndi anzawo mu 1886, anathamangitsidwa ndi Angerezi nakamwalirira ku zilumba za Seychelles mu 1903, ndipo mtembo wake unabwera ku Kasubi mu 1910. Daudi Chwa II anamwalira mu 1939. Edward Muteesa II, amene anakhalanso pulezidenti woyamba wa Uganda, anathawa mu 1966 pamene asilikali otsogozedwa ndi Idi Amin, potumidwa ndi Milton Obote, anathira nkhondo nyumba yachifumu ya ku Mengo. Anamwalirira ku London mu 1969 ndipo thupi lake linabwerera kwawo mu 1971. Awiri mwa anayi ogona kuseri kwa chinsalu chija anafera kunja kwa dziko lawo.

Pa funso lachitatu, ndikumbutse kuti nyumba imene Mayi Nachisale anaiona sinali ya udzu ndi mitengo yokha. Mu 1938, pa ulamuliro wa Daudi Chwa II, anaikonza n'kuikamo zitsulo, njerwa ndi mizati ya simenti, zonse zobisika pansi pa bango ndi chiwondo. Mafumu eniakewo anali atasamukira kale ku Mengo. Choncho ngakhale moto wa usiku wa pa 16 March 2010 usanaipsereze, nyumbayo inali itasintha kale, ndipo udzu wa mu 1882 unali utaola n'kusinthidwa kambirimbiri. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2001, moto utachitika inawaika pa mndandanda wa malo amene ali pachiopsezo, ndipo inawachotsapo mu 2023 ntchito yomanganso itafika kumapeto. Chimene chinachedwetsa ntchitoyo si ndalama zokha. Panafunika kupeza akuluakulu odziwa kuluka nkhata zija ndi kufolera denga lotero, kuphunzitsa achinyamata, ndi kutsata miyambo ya mafuko pa gawo lililonse, komanso kuikamo zida zozimitsira moto, zimene dziko la Japan linathandizapo.

Ine ndingawauze ana kuti ndi nyumba ya Muteesa ndithu, ndipo chitsanzo sindingachitenge kutali. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ndi wa mitengo ndi udzu, akakalamba amamumanganso potsata mwambo, ndipo palibe Mmang'anja amene amati kachisi watsopanoyo ndi chifaniziro. Pa mwambo wawo, kumenekonso kumayenera kukhala mayi wotchedwa Salima, mkazi wa Mbona, monga mmene ku Kasubi kulili amayi osamala mafumu. Pamene ndikusiyana pang'ono ndi Bambo Mukhito ndi pa anthu mazanamazana aja. Ambiri mwa iwo sankabwera mwa kufuna kwawo, inali ntchito yolamulidwa kudzera mwa mafumu aang'ono, ndipo ana a kuno ku Thyolo, amene agogo awo analawa thangata m'maesiteti, ayenera kuuzidwa zimenezi poyera kuti aziyeze okha.

Aphunzitsi Namakhwa, ku Luchenza

Zikomo kwambiri nonse atatu. Za zitsulo za mu 1938 ndi za thangata ndiziika m'phunziro monga mwanenera, Bambo Chikopa. Lachinayi ndiwatulutsa ana ku bwalo la mpira ndi chingwe cha mamita 15 ndi theka, tikhome chikhomo pakati, tijambule mzere wozungulira ndi phulusa, ndipo kalasi yonse ilowe mkati kuti aone malo otsala. Bambo Mukhito, ngati mungapeze mpata tsiku limenelo, ndikupemphani mubwere ndi mtolo umodzi wa tsekera ndi luzi, mudzawaonetse kamangidwe ka timitolo tosongoka tija ndi mmene mbariro imagwirira mapaso. Ya basi yochokera ku Bvumbwe ndi yobwerera ndilipira ine.