Mutu wa halberd ukugwedezeka pa mpini

Wosula wa ku Lilongwe:
Akuluakulu anzanga pa ntchito ya chipala, ndabwera ndi vuto. Mwini malo ena ogona alendo wandipatsa ntchito yosula zida ziwiri za ku Ulaya zotchedwa halberd, zoti zipachikidwe pakhoma m'chipinda chodyera, ndipo chitsanzo chimene anandipatsa ndi chithunzi cha asilikali olondera Papa ku Vatican. Mutu woyamba ndinausula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, ndipo ndinauika monga timaikira nthungo, kuwotcha mchira wa chitsulo n'kuulowetsa kumapeto kwa mpini wa bulugamu. Patangopita masabata awiri, mpini wang'aluka ndipo mutu ukugwedezeka. Ndichite bwanji ndisanayambe chachiwiri?

Mmisiri wa ku Dedza:
Bambo, cholakwika chili pa kaikidwe. Nthungo imakhazikika ndi mchira wokha chifukwa mutu wake ndi wopepuka komanso wolunjika, kotero mphamvu yonse imatsata mpini. Halberd ili ndi zida zitatu pamutu umodzi: nsonga kutsogolo, nkhwangwa mbali imodzi, ndi mbedza mbali inayo. Kulemera kwa nkhwangwayo kumakokera mchira cham'mbali, ndipo mchirawo umasanduka mphanyo yong'amba mtengo kuchokera mkati. Eni chidachi ku Switzerland ankalowetsa mpini m'chitsulo, osati chitsulo mumpini. Yang'aninso chithunzi chanu, mudzaona timalamba ta chitsulo totsika kuchokera kumutu kutsata mpini, tokhomedwa ndi misomali. Timalambato tinkagwira mutu komanso tinkateteza mtengo kuti mdani asaudule ndi lupanga.

Wosema ziboliboli wa ku Blantyre:
Ndikuvomereza, ndipo ndionjezepo mbiri pang'ono, chifukwa ikuthandizani kuti maonekedwe asasokonekere. Chidachi chinatchuka pa nkhondo ya ku Morgarten mu 1315, pamene anthu oyenda pansi a ku Switzerland anagonjetsa asilikali a pa akavalo a ku Austria. Mbedza ija inali yokolera wokwera kavalo n'kumugwetsa, ndiye ikhale yopindikira pansi pang'ono. Ndaona ena akuisula ngati duwa, ndipo wodziwa akangoiona amaseka. Gulu la alonda a Papa linayamba mu 1506, nthawi ya Papa Julius II, ndipo zida zotere zimene amanyamula lero ndi za mwambo, n'chifukwa chake zimaoneka zopyapyala ndi zokongoletsedwa kuposa za kunkhondo. Pa nkhani ya mtengo, bulugamu amang'aluka akamauma, makamaka ngati anadulidwa wamng'ono. Pezani mlombwa wouma bwino, ndipo muupale kuti ukhale wa mbali 8 m'malo mobulungira, monga inalili mipini yambiri yakale, kuti dzanja lizidziwa kumene nkhwangwa yaloza.

Wowotcherera wa ku Mzuzu:
Funso langa ndi lakuti, sipuling'i mwaifuniranji pa chinthu chapakhoma? Chitsulo chimenecho n'choyenera chikwanje kapena nsompho, koma n'cholemera, ndipo chikawotcheredwa chimakonda kusweka m'mbali mwa msoko. Dulani mutu wonse pa chitsulo chofewa chokhuthala mamilimita 3, muuwotcherere pa paipi ya mamilimita 32 yotalika masentimita 12, kenako muwotcherere timalamba tiwiri ta masentimita 40. Msokowo muusalaze ndi tupa, mudutsepo ndi nyundo kuti zizioneka zosula. Musanole konse, popeza m'chipinda chodyera mumalowa ana.

Mmisiri wa ku Dedza:
Pa misomali, musagwiritse ntchito yogula yokhomera malata. Boolani timalamba pamodzi ndi mtengo, mulowetse waya wokhuthala wodutsa mbali zonse, n'kuphwatalitsa mitu yake ndi nyundo. Pofuna kupewa dzimbiri nyengo ya mvula, tenthetsani chitsulocho pang'ono n'kuchipaka phula la njuchi chikadali chofunda. Penti wakuda amachititsa chida kuoneka ngati geti.

Wosula wa ku Lilongwe:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndasula mutu watsopano monga mwalangizira, ndipo ndaukhoma pa mlombwa wa mamita 2 ndi misomali 4 yodutsa. Ndaugwedeza ndi mphamvu zanga zonse, koma sunasunthe. Woyamba uja ndauchotsa, chitsulo chake ndisulira zikwanje. Mawa ndikupita kukayeza khoma, ndipo chokolekera chimodzi ndichiika pansi pa mutu penipeni, pamene pali kulemera, china cha kumapeto kwa mpini.