Flash ya mafilimu amdimawa, ndigule kapena ndisunge ndalama zanga?

Wa Kanema (Ulongué): Abale ndigawireni nzeru. Pali mnyamata pamsika akugulitsa flash ya 32GB, wadzazamo Sin City, 300 ndi John Wick onse anayi. Akuti mameticais 900, sakutsitsa. Ine ndimaonetsa kanema kuseri kwa barraca yanga, pakhomo ndi 10 munthu mmodzi. Makasitomala anga anazolowera Commando ndi Jet Li. Zamdimazi akazikonda?

Bambo a Chisomo: Musayerekeze achimwene. Sin City yomweyo ine mnyamata wina pamsika anandigulitsa pa diski, 150. Kufika kunyumba, kuyika, chithunzi chonse chakuda ndi choyera ngati TV ya agogo, diresi la mkazi lokha ndiye lofiira. Ndinabwerera kukamuuza kuti diski yako ndi yakufa, iye n'kumandiseka, eti ndi mmene anaipangira. Ndalama osabweza. Mbava zokhazokha pamsika paja.

Aphunzitsi (Dómuè): Koma mnyamatayo sananame bambo. Filimuyo inatuluka 2005 ili choncho. Robert Rodriguez anaitenga m'mabuku a zithunzi zojambula pamanja a Frank Miller, ndipo ankafuna kuti ioneke ngati tsamba la bukulo. Osewera ankawajambula kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, misewu ndi nyumba n'kuziika pambuyo pake pa kompyuta.

Bambo a Chisomo: Ndiye ndilipire 150 kuti ndizionera buku?

Big Mano (Moatize): Vuto si filimu, vuto ndi ma TV anu. Yanga ndi ya mainchesi 55, ndinaitenga 28,000 ku Tete. Mukaonera Sin City pamenepo mdima wake umachita kuwala, mvula mumaiona dontho lililonse. Ine za flash ndinasiya kale, ndimaonera pa Netflix.

Namagetsi: Ya 55 yomweyo mlamu wanga anagula 19,500. Anakudyerani a Mano.

Big Mano (Moatize): Yake ndi yabodza imeneyo.

Bambo a Chisomo: Mtundu tiusiye apo. Muli chimunthu china m'menemo chotchedwa Marv, galimoto ikuchigunda mobwerezabwereza, icho kudzuka bwinobwino. Chikwanje chokha kumunda chikakutema umatsimphina sabata yathunthu. Atitenga ngati ana.

Aise Tsangano: Kkkk nanga Commando wanuyo? Munthu mmodzi kutha gulu lonse la asilikali atayima poyera, zipolopolo zonse kumulambalala. Imene ija ndiye yoona?

Aphunzitsi (Dómuè): Apa Aise wanena. Palibe filimu ya nkhondo yoona, kusiyana kwake ndi kwakuti ina imakuuziratu poyamba. Sin City ikangoyamba mukuona kale kuti dziko lake si lathu lino: magazi ena oyera, ena achikasu, mthunzi wa munthu kutalika kuposa nyumba. Ndiye Marv akadzuka simudabwa, malamulo a dziko limenelo ndi omwewo. Imene imandikwiyitsa ine ndi John Wick. Yoyamba ija ya 2014 inatikopa chifukwa Keanu Reeves ankasintha magazini zipolopolo zikatha, akamenyedwa ankatsimphina, ankapita kukasokedwa bala. Nkhani yakenso yomveka: amuphera galu amene malemu mkazi wake anamusiyira, amubera galimoto. Kufika yachiwiri, suti yosalowa chipolopolo. Yachitatu akugwa kuchokera padenga la hotela, wamoyo. Yachinayi ya 2023 akugubuduka masitepe a ku Paris mpaka pansi, n'kudzuka kuyambanso kukwera. Inayamba ndi kutilonjeza zoona, pakati n'kusintha malamulo.

Aise Tsangano: Masitepe aja ndiye anthu amaimirira m'holo kukuwa aphunzitsi. Inu mumaonera ndi cholembera chofiira m'manja.

Mayi Nachisale: Ine funso langa ndi lina. Mu video show mwanumo mumalowa ana a sukulu, timawaona. Sin City muli zamaliseche ndi kudulana ziwalo. Mwana wanga ndikamupeza m'menemo tidzakumana kwa a mfumu.

Wa Kanema (Ulongué): Ayi mayi, zimenezo ndi za usiku, ana ndimawatulutsa 18 koloko.

Mayi Nachisale: Ndamva. Tidzaona.

Dalaivala wa chapa: 900 yachani kodi? Flash yopanda kanthu ndi 350. Mundipatse ndikawoloke nayo pa Calómuè, ku Dedza anyamata a makompyuta amathira filimu ndi makwacha ochepa chabe, komanso zomasulira kale m'Chichewa. Anthu anu Chingelezi akuchimva? Sin City theka lake ndi munthu kudziyankhulira mumtima. Popanda womasulira akagona onse.

Namagetsi: 350 kuti? Ine ndinagula 600. Za 350 zija zimalemba 32GB koma ukathira mafilimu asanu zayamba kudya mafayilo.

Dalaivala wa chapa: Yanga ikugwirabe mpaka lero.

Madala Fulankungo: Mukufuna zoona gulani Ong-Bak ya 2003. Tony Jaa analibe zingwe, analibe kompyuta, chigongono chimafikadi pamutu pa munthu. Kapena Jackie Chan mu Police Story, anatsetsereka pa chitsulo chodzaza mababu mpaka kupsa manja. Amene aja ndiye amuna. Izi za nsalu yobiriwira ngakhale ine ndi nyamakazi yangayi ndingasewere.

Big Mano (Moatize): Madala, 300 nayonso ndi ya nsalu ngati yomweyo koma munabwera kwathu kudzaionera kawiri.

Madala Fulankungo: Ndinabwerera mowa.

Wa Kanema (Ulongué): Ndiye ndigule kapena ayi? Mnyamata uja wanditumizira uthenga, akuti 750 ndikatumiza ndalama pafoni, pa e-Mola, lero.

Bambo a Chisomo: Watsitsa chifukwa akudziwa kuti ndi yakufa mtundu.

Aise Tsangano: Muuzeni achotsemo Sin City aikemo Ong-Bak, mumupatse 600.

Aphunzitsi (Dómuè): Achotsemo John Wick wachinayi, Sin City ikhale.

Dalaivala wa chapa: Ndikunyamuka 5 koloko m'mawa. Amene akufuna za ku Dedza abweretse flash pa siteji, ya mafuta ndi 50.