Makoswe a ku Canada ndi mchimwene wanga: timutsekere m'chipinda kapena ayi?

A admin, mundibise dzina chonde.

Mchimwene wanga wamng'ono, wa zaka 24, anabwerako ku Joni chaka chatha atazolowera nyaope, ija amasakaniza heroin ndi chamba. Kuno sakuipeza, ndiye analowerera mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Sabata yatha ndinapeza mabotolo 7 opanda kanthu atawabisa m'thumba la chimanga. Mbaula ya amayi anagulitsa kalekale. Amalume agamula kuti timutsekere kuchipinda chakuseri mwezi wathunthu, nsima tizimupatsira pawindo, mpaka chibabacho chithe.

Ine mtima ukukana, ndipo chimene chandisokoneza, musaseke, ndi makoswe.

Ndinawerenga za Bruce Alexander wa ku Simon Fraser University, ku Canada. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, iyeyu anaona kuti makoswe oyeserapo mankhwala ozunguza bongo amasungidwa lililonse lokhalokha m'kakhola kachitsulo, lopanda mnzake, lopanda chochita. Ndiye anamanga khola lalikulu kuwirikiza pafupifupi ka 200, nalitcha Rat Park. Anaikamo makoswe 16 mpaka 20, aamuna ndi aakazi, ndi zoseweretsa, ndi malo oberekerana. Onse anawapatsa madzi amitundu iwiri: wamba, ndi otsekemera othira morphine, mankhwala a m'gulu limodzi ndi heroin ndi codeine. Otsekeredwa aja anakakamira a morphine. Am'khola lalikulu ankangolawa n'kubwerera ku madzi wamba, ngakhale ena amene anali atamwetsedwa morphine masiku 57 otsatizana.

Nditawerenga tulo sindinatione. Chipinda chakuseri chija, cha kawindo kamodzi, sindicho kakhola kachitsulo komweko? Koma ndikauze bwanji amalume kuti ndikutsutsa maganizo awo chifukwa cha khoswe? Amene mumadziwa za sayansi, kafukufuku wa pa nyamayu ngwodalirika mpaka pati pa munthu? Nanga amene munadutsamo, munatani?

MAYANKHO

Wa Biology: Achemwali, Rat Park muitenge mosamala. Ena atabwereza kafukufukuyu, zotsatira sizinafanane nthawi zonse, ndipo shuga uja anasokoneza zinthu chifukwa khoswe amafera zotsekemera. Umboni wake: mu 2007 gulu la Serge Ahmed ku Bordeaux, France, linapatsa makoswe mwayi wosankha pakati pa cocaine ndi madzi othira saccharin (chotsekemeretsa chonga shuga), ndipo 94 pa 100 alionse anasankha madzi otsekemerawo. Komabe mfundo yanu siinagwe. Mu 2018, gulu la Yavin Shaham ku America linaikira makoswe tizitsulo tiwiri todina: kena kolowetsa heroin kapena methamphetamine mumsempha, kena kotsegula chitseko kuti akumane ndi khoswe mnzawo. Pafupifupi onse ankadina kachitseko. Chinanso chimene anthu sachitchula: ku Bordeaux komweko mu 2004 anapeza kuti mwa makoswe ozolowera cocaine, pafupifupi 17 pa 100 okha ndiwo anaonetsa zizindikiro zonse za chibaba, kuphatikizapo kupitirizabe kufuna cocaineyo ngakhale akugwidwa shoko ya magetsi kumapazi. Kutanthauza kuti ngakhale makoswe safanana. Mchimwene wanu akhoza kukhala m'kagulu kochepako, komwe kucheza kokha sikukwanira.

Bambo a ana atatu: Khoswe ndi khoswe mayi. Khoswe sagulitsa mbaula ya amake. Amalume anu si opusa, atopa.

Namwino wopuma: Za makoswezo ndisiyira anzanga, ine ndinene zimene ndaziona ndi maso. Munthu wozolowera codeine kapena heroin akasiya mwadzidzidzi amasanza, amatsekula m'mimba, thukuta kamukamu, mafupa kuphwanya, tulo osabwera. Masiku oyambirirawo afunika kuonedwa ndi achipatala, osati kukhala kuseri kwa loko. Choopsa kwambiri chimabwera pa tsiku lomutsegulira. Thupi limakhala litaiwala mlingo uja, ndiye akakamwa wofanana ndi wakale akhoza kusiya kupuma. Pitani naye kuchipatala cha boma, mufunse oona za matenda a maganizo. Amalumewo muwatenge, akamve okha kwa dokotala, mwana wanga. Kwa inu sangamve.

Wa ku Joni: Ine ndinasiya nditabwerera kumudzi n'kuyamba kuumba njerwa ndi asuweni anga. Anzanga akale kunalibe, ndalama m'thumba kunalibe, madzulo ndinkangogwa ngati chipika. Koma ndinabwererako kawiri ndisanasiyiretu, musadzadabwe zikatero.

Mwini funso: Zikomo nonse. Bambo a ana atatu, mwandilasa koma simunaname, amayi mpaka lero akuphikira pamafuwa. Amayi anamwino, ndawaimbira amalume, za makoswe sindinatchule n'komwe. Avomera kuti Lachiwiri tipitire limodzi kuchipatala, koma akuti loko agula kale ndipo sabweza. Vuto latsala ndi mwini wakeyo, sakudziwa kanthu. Ndimuuze lero, kapena m'mawa wa tsikulo kuti asathawe?