Mapilala atuluka ndi timabowo, tichite bwanji?

Mmisiri wa ku Mchini: Akuluakulu, thandizeni. Tachotsa mashatala (matabwa oumbira mapilala) lero, mapilala ali timabowo tokhatokha, ukakanda ndi msomali konkire ikuyoyoka. Simenti ndi ya giredi 42.5, mchenga wosefa, kwale wabwino. Ndi dzuwa la Okutobalali konkire imalimbira mu wilibala, ndiye anyamata anathiramo sopo wotsukira mbale kuti iziterera.

Folomani wa ku Katete: Mlandu ndi wa sopoyo, achimwene. Thovu lake silituluka, limaumira momwemo. Poker, makina onjenjemeretsa konkire aja, munalowetsa?

Mmisiri wa ku Mchini: Tinangojoba ndi chitsulo. Komatu amdala, mankhwala oika mpweya dala mu konkire amagulitsa. Asiyana pati ndi sopo?

Injiniya wa ku Kapata: Alipodi, koma anapangira maiko ozizira kwambiri. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, ndiye timathovu tosaoneka ndi maso timawapatsa pothawira kuti konkire isang'ambike. Kuno ku Chipata madzi anaundanapo liti mu pilala? Ndipo mpweyawo suli waulere: 1 peresenti iliyonse imadya pafupifupi 5 peresenti ya mphamvu ya konkire. Mankhwalawo amachita kuyeza, pomwe sopo mnyamata amangofinya mmene dzanja lafunira. Poker imatulutsa thovu lalikulu, koma timathovu ta sopo tambiri timatsala.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi zitsulo. Mabowowo akalumikizana, chinyezi chimalowa, dzimbiri n'kufufumitsa chitsulo, konkire n'kuyamba kuthetheka.

Folomani wa ku Katete: Mukafuna yoterera gulani plasticiser, mankhwala ofewetsa konkire, muyeze molingana ndi kulemera kwa simenti monga alembera pachigubu. Nayonso mukachulutsa, madzi amayandama pamwamba kwale n'kumira. Ife nyengo ino timathira m'mamawa, kwale titamunyowetsa kale.

Mmisiri wa ku Mchini: Nanga tikangomata pulasitala? Mwini nyumba akubwera Loweruka.

Injiniya wa ku Kapata: Ayi bambo, pulasitala sanyamula ring beam, mtanda wa konkire wokhala pamwamba pa mapilala. Pezani rebound hammer, chipangizo choyezera kulimba kwa konkire, muyeze pilala aliyense, koma woyoyoka ndi msomaliyo gwetsani osadikira. Atsopanowo muwakulunge ndi masaka onyowa masiku osachepera 7, ndipo muumbeko ma cube (timabuloko ta konkire yomweyo) okayezetsa mphamvu pa tsiku la 7 ndi la 28.

Folomani wa ku Katete: Poker yanga ili pa ntchito mpaka Lachinayi. Tumizani mnyamata Lachisanu, petulo ndi wanu.